Ndinati Ndinadzipezera Ndekha

Lolemba, 11 Disembala

84.

Ndayamba ndi nambalayo kuti ndiione ili m'kope langa, yolembedwa ndi dzanja langa. Malikisi a masamu. Ine Kaho Seike, amene mu Okutobala ndinapeza 23.

Aphunzitsi athu a masamu, a Kuramoto, atafika pa pepala langa anaima kaye. Kuvula magalasi, kuwapukuta ndi tayi. "Seike, ndawerengera kawiri, kuopa kuti mwina ndi ukalamba." Kalasi yonse kuseka. Ine nkhope kutentha.

Titaweruka anandiitanira ku ofesi. Akufuna kuti pa 22, tsiku lotsekera, ndikaime m'holo ndiwauze a chaka choyamba momwe ndachokera pa 23 kufika pa 84. Tsamba limodzi. "Ambiri a iwo masamu akuwaliza. Akamva kwa mnzawo amva bwino kuposa kwa ine." Ndinavomera. Ndinawerama katatu konse ngati nkhuku yojompha mpunga.

Bambo ndinawapeza pa shedi akusankha manachesi. Pepala analiyang'ana ali chiimire. "Hmm." Basi. Koma pa chakudya chamadzulo ndinawamva pa foni akuuza amalume, mokweza ngati amalumewo ali tsidya lina la nyanja. Mu Okutobala anandiuza kuti ndikapezanso pansi pa 30 ndiiwale za yunivesite, ndikamaliza sukulu ndikalowe ntchito yolongedza zipatso ku kopaletivi. Lero nkhani imeneyo yafa yokha, popanda woitchula.

Mpando wa Tomoe, mtsikana wa m'kalasi mwathu, wopanda munthu. Tsiku lachisanu n'chimodzi osabwera. Pepala lake a Kuramoto analibwezera mu envulopu osatchula malikisi.

Ndimayenera kusangalala. Mpunga ndadya theka.

Lachiwiri, 12 Disembala

Kuzizira. Mbaula ya palafini m'kalasi inazima kawiri.

Ndayamba tsamba la a Kuramoto. Mzere woyamba: "Ndinkadana ndi masamu." Zoona. Wachiwiri: "Koma ndinalimbikira." Zoonanso, koma zikununkha. Ndafufuta.

Ndilembe muno kaye momwe zinayendera, poti muno mulibe wondiombera m'manja.

Tsiku limene ndinapeza 23 lija ndinakabisala pa masitepe okwerera kudenga la sukulu, pamwamba penipeni pomwe chitseko chimakhala chokiya. Kulira mwakachetechete, mamina pa mpango. Tomoe Akamatsu anandipeza pamenepo, kabokosi ka chakudya kali m'manja. Sitinali mabwenzi. Ndinkangodziwa kuti ndi mtsikana wa kuchilumba, amabwera pa boti la 6:40, masamu amakhoza osaoneka kuti wakhetsa thukuta. Kumeneko n'kumene ankadyera masiku onse. Ndinali nditamulanda malo.

"Sendera uko. Ndipo ulirire kumbali, mpunga wanga uli kale ndi mchere."

Pepala langa anatenga osapempha. Analiwerenga akutafuna. "Iwe si mbuli ayi. Ukungoloweza zinthu ngati manambala a foni. Saini wa m'masamuyu ndi chiyani?" Ndinatchula za m'buku, mawu ndi mawu. "Limenelo ndi buku. Ndafunsa iweyo."

Mawa lake anabwera ndi kapepala ka asodzi, kosonyeza nthawi imene nyanja imadzaza ndi imene imaphwa. Anati ndiike madontho pa pepala, ola ndi ola, kenako ndiwalumikize. Mzere unakwera, kutsika, kukweranso. "Ndi ameneyo saini wakoyo. Umamuona pa doko tsiku lililonse, umangomudutsa osamupatsa moni."

Masabata asanu. Masana aliwonse, theka la ola. Ine ndinkabweretsa manachesi okandika amene kopaletivi yakana, iye nsomba yootcha ya amayi ake. Ndikalakwitsa ankandigogoda pa chala ndi timitengo todyera. Ndikakhoza ankangolemba funso lina lovuta kuposa loyambalo.

Chomwe chinandizunguza kwambiri: n'chifukwa chiyani mzere wa saini wa 2x umafinyika m'malo motambasuka, chonsecho 2 ndi wamkulu kuposa 1? Masiku atatu ndikulakwitsa pamodzimodzi. Tomoe anaika timitengo pansi. "Boti la kwathu likamabwera kawiri m'malo mwa kamodzi, umadikira nthawi yaitali kapena yochepa?" M'mutu munangoti mbee. Ndinaseka mpaka nachesi kundithawa m'manja, kugubuduka masitepe onse.

N'zimenezi zoti ndikanene m'holo. Dzina limodzi basi. Nanga dzanja likukaniranji?

Lachitatu, 13 Disembala

Ndikudziwa chomwe likukanira. Ndikatchula dzina lake, wina afunsa kuti nanga mwini dzinayo ali kuti.

Pakati pa Novembala makina okokera ukonde anagwira dzanja la bambo ake. Kwawo amaweta nsomba m'makola a panyanja. Bambo m'chipatala mumzinda wa Matsuyama, nsomba zikufunabe kudya m'mawa uliwonse. Otsala pakhomo: Tomoe ndi amayi ake. Anayamba kujomba. Tsiku limodzi kubwera, awiri ayi.

Uthenga wake woyamba pa foni: "Jambula za lero unditumizire." Ndinajambula masamba anayi. Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku lachitatu ndinaiwala, ndinatumiza kutacha.

Zifukwa ndili nazo zambiri, ndipo zonse n'zoona. Manachesi anali atapsa phiri lonse, Loweruka ndi Lamulungu ine pa mtengo ndi sizasi. M'kalasi tinali titayamba malogi, mutu watsopano wa masamu, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinkawamva ndekha popanda iye. Mphindi iliyonse ndinkaiumira.

Koma chenicheni ndi cha pa 22 Novembala.

A Kuramoto anandiitanira pa bolodi. Funso la saini wa 2x lomwe lija. Ndinajambula bwinobwino. Ndikanatha kubwerera pampando. Koma ndinafuna kudzionetsa, ndiye ndinatembenuka n'kufotokozera kalasi za boti lobwera kawiri. Ndinamva anthu akuti "aaa" kumbuyo. A Kuramoto anaika choko pansi. "Zaka 19 ndikuphunzitsa mutu umenewu, sindinaganizepo zimenezo. Wazitenga kuti?"

"Ndinadzipezera ndekha."

Zinangotuluka.

Ayi, bodza. Ndinapuma kamodzi ndisanayankhe. Ndinasankha.

Tomoe analipo tsiku limenelo. Mutu uli pa desiki, ine n'kumati wagona. Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Osati mokwiya. Ngati munthu amene akuyesa kuwerenga chikwangwani chapatali. Kenako anaugonekanso.

Masana amenewo sindinakwere masitepe. Ndinadyera m'kalasi ndi Misuzu ndi gulu lake, atsikana amene kale sankadziwa n'komwe kuti ndimakhala mzere uti. Kuyambira pamenepo mauthenga a Tomoe ndinkawatsegula, kuwerenga, kutseka. Ndinkachita manyazi, ndipo manyaziwo ndinkamukwiyira nawo iyeyo. Foni imamuonetsa wotumiza kuti uthenga wawerengedwa. Ndinkadziwa zimenezo.

Anatumiza asanu. Womaliza: "Mayeso afika tsamba liti?" Mawu anayi. Yankho lake linali nambala imodzi.

Lachisanu, 15 Disembala

Mvula kuyambira dzulo. Bambo kungoyang'ana kumwamba n'kumadandaula kuti zipatso zonyowa sizithyoledwa.

Misuzu, amene amamva zinthu zisanachitike, wandipeza pa mashelefu a nsapato. "Wamva? Wa kuchilumba uja akusiya. Akalowa sukulu yophunzirira kunyumba ija, yotumiza ntchito pa positi. Amayi ake anali kwa ahedi dzulo." Kenako, akumanga zingwe: "Paja iwe unkadya naye eti?"

Ndinati nthawi zina.

Nthawi zina. Masabata asanu ndawasandutsa nthawi zina.

Pali china chimene sindinalembe Lachitatu. Ndinachizungulira dala.

Tsiku la mayeso a masamu, pa 1 Disembala, Tomoe anabwera. Maso ofiira, atadyetsa kale nsomba. Ine ndinakhala kumbuyo kwake, desiki yotsatira. Titalemba mphindi ngati 20, pensulo yake inaima. Mutu unayamba kutsika pang'onopang'ono mpaka unagona pa mkono. Wotiyang'anira anali mphunzitsi wa zamasewero, maso ali pa zenera. Mwina ankati wamaliza, poti Tomoe amamaliza msanga nthawi zonse.

Phazi langa linali pafupi ndi mwendo wa mpando wake. Kungougunda pang'ono. Kapena kutsokomola. Palibe akanandiimba mlandu.

Ndinali pakati pa funso lachisanu, ndipo linkayenda bwino kuposa momwe funso lililonse linandiyenderapo. Ndinati ndimalize kaye ili. Kenako lachisanu n'chimodzi. Kenako ndinasiya kuyang'ana kutsogolo.

Anadzidzimuka patatsala mphindi 8. Ndinamva pensulo ikuthamanga pa pepala, kenako nsonga kuthyoka.

Misuzu akuti anapeza 31.

Ndikudziwa kuti si 31 amene akumuchotsa sukulu. Ndi nsomba, ndi dzanja la bambo ake, ndi masiku amene wajomba. Ndadziuza zimenezi kasanu lero. Koma akanapeza 90 monga kale, mwina a Kuramoto akanamumenyera nkhondo. Mwina amayi ake akanazengereza kusaina. Mwina iye mwini akanaumirira. Sindidzadziwa.

Loweruka, 16 Disembala

Kwacha bwino. Kumunda kuyambira 7. Mitengo ya pamwamba penipeni, pomwe ukaponda molakwika umakadzukira pa msewu. Bambo pa kangolo ka panjanji kutsitsa makireti, ine ndi amayi kuthyola, mtengo umodzi, wina uku wina uko.

Amayi, osandiyang'ana, nkhope ili m'masamba: "Mnzako wa nsomba uja sukumutchulanso. Mwayambana?"

"Ayi."

"Ndiye mwachita choposa kuyambana."

Sizasi inalasa khungu la nachesi. Nachesi lachitatu kulilasa kuyambira m'mawa. "Ukawononganso lina upite ukakhale m'galimoto," anatero.

Popuma masana, tikumwa tiyi wa m'fulasiki, ndinawauza. Za mauthenga zokha. Za pa bolodi ayi, za mayeso ayi. Sanandikalipire. Bola akanatero. Anangoyang'ana kunyanja, komwe chilumba chimaoneka kukakhala kopanda nkhungu.

Madzulo anatenga bokosi n'kulidzaza okha. Osati okandika aja. Abwino, oyenera kupita ku Tokyo. Anamanga ndi chingwe.

"Mawa boti lilipo la 9. Sindikukutuma. Ndangoika bokosi pakhomo."

Lamulungu, 17 Disembala

Mphepo. Ndinati mwina boti silinyamuka. Linanyamuka, ndinaliona ndili kumunda.

Bokosi likadali pakhomo. Bambo apunthwa nalo kawiri, afunsa kuti ndi la ndani, amayi ati la Kaho.

Tsamba ndamaliza. Muli zonse: kudzuka 5 koloko, kubwereza funso lililonse katatu, kulemba zolakwa m'kope lapadera, kusachita manyazi kufunsa. Kufunsa ndani? Sindinanene. Palibe bodza ngakhale limodzi m'tsamba lonselo. Ndiye chikundinyansa n'chimenecho.

Lolemba, 18 Disembala

Ndapereka. A Kuramoto awerenga ndili pomwepo, akugwedeza mutu.

"Zabwino kwambiri. Koma ija ya boti uikemo. Ana aikonda."

Mu ofesi munalibe wina aliyense. Chitseko chotseka. Ndikanangonena.

Ndinati chabwino.

Lachitatu, 20 Disembala

Ndamuona Tomoe.

Anabwera ndi amayi ake kudzatenga katundu, nthawi ya phunziro lachitatu, kuti asakumane ndi anthu. Ine ndinali nditatumidwa kukatenga mapepala ku ofesi. Ndinamupeza pa mashelefu akuika nsapato zake za m'kalasi mu jumbo. Wopanda yunifolomu. Jekete lalikulu, ndikuganiza la bambo ake. Zala zong'ambikang'ambika, zina zomata pulasitala.

Anayamba ndi iye. "Akuti 84."

"Eee."

"Ine ndimayembekeza 90. Unataya pati?"

Pepalalo ndakhala ndikuyenda nalo m'thumba la siketi kuyambira sabata yatha, lopindapinda. Ndinachita manyazi kulitulutsa msanga choncho. Analitambasula pa shelefu. Chala chinayenda, chinaima pa funso lachisanu ndi chitatu.

"Apa. Wapeza mayankho awiri. Koma ili ukalibwezera mkati mwa logi likupatsa nambala ya mayinasi, ndipo mkati mwa logi simulowa mayinasi. Linali lotaya. Malikisi 6 wangowapereka ulere."

Malogi sanaphunzire m'kalasi, anali atajomba pafupifupi mutu wonse. Anadziphunzitsa yekha m'buku. Iyeyo ndiye akanatha kunena mawu amene ndinanena pa bolodi aja, n'kukhala oona.

Ndinatsegula pakamwa. Masiku asanu ndi anayi ndikukonza mawu. Chomwe chinatuluka: "Kukuzizira kuchilumba?"

"Ndi Disembala, Kaho."

Amayi ake anaitana ali panja. Tomoe anakoleka jumbo pa mkono. Ali pakhomo anacheuka. "Mauthenga aja usavutike nawo. Ndinawafufuta."

Mapepala amene ndinatumidwa ndinawaiwala. Ndinabwerera m'kalasi chimanjamanja, ndinatumidwanso.

Lachisanu, 22 Disembala

M'holo mozizira ngati mufiriji. Ana 300 atakhala pansi, mawondo pachifuwa. Ahedi analankhula theka la ola za kusamala pa tchuthi. Kenako ine.

Ndinawerenga. Kudzuka 5 koloko. Kubwereza katatu. Mawu anga ankabwerera kuchokera ku khoma lakumbuyo ngati a munthu wina. Ndinafika pa boti. Ndinafotokoza, ena anaseka, ena kulemba pa dzanja. Mzere wotsatira pa pepala unali wothokoza aphunzitsi.

Ndinatsitsa pepala. Ndinati izi si zanga. Ndinati anandiphunzitsa ndi Tomoe Akamatsu wa kalasi yathu, masana aliwonse kwa masabata asanu, pa masitepe a kudenga. Ndinati tsiku limene ndinafunsidwa pa bolodi ndinanama.

Ndinkayembekeza kuti chinachake chigwa. Sichinagwe. A chaka choyamba anaomba m'manja, sakumudziwa n'komwe Tomoe. Mtsikana wina kutsogolo ankayasamula. Ahedi anabwerera pa maikolofoni n'kuyamikira "mtima wodzichepetsa umene taona lero." Misuzu anandigwira mkono potuluka: "Unalankhula bwino iwe, ndinatsala pang'ono kulira."

Ndiye kuti ndatamandidwa kawiri. Koyamba chifukwa cha bodza, kachiwiri chifukwa choulula bodzalo. Tomoe sanapindule kanthu konse kuwiriko.

A Kuramoto okha sanandiyamikire. Anandiimitsa m'khonde. "Ndinkadabwa kuti mwana wa kuphiri wadziwira kuti kudikira boti. Ndikanafunsa bwino. Nanenso ndinamuona akuodzera masabata awiri, ndinangoti watopa." Kenako anafunsa: "Mwini wake wamuuza?"

"Ayi."

"Ndiye wauza anthu 300 olakwika."

Amayi atsegula bokosi lija madzulo ano, achotsa asanu amene anayamba kufewa, aikamo ena. Amangapo chingwe chatsopano.

Loweruka, 23 Disembala

Ndapita. Ndabwerera ndi boti la 4. Manja akununkha chakudya cha nsomba, ndasamba katatu.

Zaka 17 ndikuchiona chilumbacho ndili kumunda, lero ndi koyamba kupondako. Mphindi 40 panyanja. Tomoe ankayenda ulendo umenewu kawiri pa tsiku, ine osafunsapo.

Ndinamupeza pa doko pomwepo, m'majombo ofika m'mawondo, akukweza matumba m'kabwato ka injini. Anayang'ana bokosi, anayang'ana nsapato zanga zoyera.

"Wabwera kudzaona nsomba kapena ine?"

"Iwe."

"Ndiye ika bokosilo apo, unyamule thumba."

Matumba asanu ndi limodzi. Thumba lachinayi ndinagwa nalo. Sanaseke, sanandidzutse.

Ku makola. Matabwa oyandama, oterera, akugwedezeka pansi pa mapazi. Anandipatsa chotungira, anati ndiziwaza patali, osati pamodzi. Madzi anawira ndi nsomba zofiira. Posakhalitsa ndinasanza tiyi yense wa m'mawa. "Sanzira kunja kwa khola, zathuzi ndi zogulitsa."

Ndinamuuzira pomwepo, nditagwada, maso ali m'madzi. Za pa bolodi. Za mauthenga. Za m'holo dzulo. Kenako za mayeso, phazi langa ndi mwendo wa mpando wake.

"Za pa bolodi ndinaseka," anatero. "Kungoti ndinalibe mphamvu yoonetsa mano. Za mayesozo sindinkadziwa."

Anawaza chakudya katatu.

"Imeneyo bola ukanaisunga."

Ndinati pepa. Ndinabwereza. Mawu ochepa kwambiri pa nyanja yaikulu choncho.

"Ukudziwa chomwe ndinkadikira? Osati masamba. Masamba ndikanafunsa aliyense, ngakhale Misuzu. Ndinkati mwina tsiku lina ufunsa kuti bambo ali bwanji. Mwezi wathunthu ndi masiku, Kaho. Sunafunse n'kamodzi komwe kuti zala zatsala zingati."

Ndinafuna kutsutsa. Pobwerera pa boti ndafufuza m'foni kuyambira pamwamba mpaka pansi. Palibe. Zithunzi za masamba, basi. Ndipo muno m'kope ndakhala masabata awiri ndikundandalika zolakwa zanga chimodzichimodzi, ndikudziona ngati munthu woona mtima, koma imeneyi mulibe. Sindinaiganizire n'komwe.

Ndinafunsa pomwepo, mochedwa choncho. "Zatsala zingati?"

"Ziwiri. Chachikulu ndi chaching'ono. Amati tsopano dzanja lawo lasanduka foni." Anaika dzanja lake pa khutu kundionetsa. Milomo inamwetulira, maso ayi.

Masana amayi ake anaumirira kuti ndikadye kunyumba. Bambo ake atakhala pansi, miyendo ili kunsi kwa tebulo lalifupi lokhala ndi chotenthetsera, dzanja lamanja m'bandeji, akulimbana ndi supuni kumanzere. Munthu wamkulu thupi, wa mawu ofatsa. Atamva dzina langa anaika supuni pansi.

"Ndiwe Kaho? Tomoe amati unkamutumizira zolemba za kusukulu tsiku lililonse, osaphonya. Ndili m'chipatala muja ndinkati, bola mwana wanga ali ndi mnzake. Zikomo, mwanangu."

Anawerama mpaka chipumi kutsala pang'ono kukhudza tebulo.

Ndinati, "Bambo, ine..." Pansi pa tebulo phazi la Tomoe linaponda langa, mwamphamvu. Iye akusenda nachesi, maso ali pa makoko. Ndinawerama. Ndinadya nsomba yawo. Anandionjezera kawiri.

Tomoe anandiperekeza ku doko. Boti litaoneka anaima.

"Bambo usadzawauze. Ali ndi zokwanira. Imeneyo ndi yako, uziyenda nayo wekha."

Ndinavomera.

"Ndipo usabwerenso kudzapepesa, ndilibe nthawi yomvera. Lachiwiri tikuvuula nsomba za chaka chatsopano, khola lonse. Manja atichepera." Anazimva yekha zomwe wanena, anapumira m'mphuno ngati akufuna kuseka. "Ukafuna ubwere ndi boti loyamba. Majombo ndikubwereka. Ukapanda kubwera sindidabwa."

Sananene kuti wandikhululukira. Sanabayibitse. Boti lisanatembenuke anali atanyamula kale thumba lina.

Lamulungu, 24 Disembala

Mapewa akuwawa, sindikutha kukweza mkono kupesa tsitsi.

Lachiwiri ndi tsiku lomaliza kuthyola. Kopaletivi ikutseka Lachitatu mpaka chaka chatsopano, chotsala m'mitengo n'chotayika. Aganyu awiri adwala chimfine. Bambo anena m'mawa uno, akumwa tiyi: "Lachiwiri tikhala atatu okha, koma Kaho alipo, tikwanitsa." Kuyambira tsiku la 84 lija akumandilankhula ngati munthu wamkulu. Dzana anandifunsa maganizo anga pa za mitengo yakale ya kumtunda, ngati tiidule. Sanandifunsepo maganizo pa chilichonse chibadwire.

Kuti ndiwapemphe Lachiwiri ndiyenera kuwauza chifukwa. Osati theka ngati ndinachitira ndi amayi. Adziwa mtundu wa 84 amene anauza amalume mokweza uja.

Ndapempha amayi kuti andiyambire nkhaniyo. "Ine ayi. Mitengo yako ya Lachiwiri ndingathyole, ndidzuka msanga. Koma pakamwa ndi pako."

Bambo akhoza kukana, ndipo sakhala olakwa. Akakana ndichita chiyani, sindikudziwa.

Dzuwa likadalipo. Ndikumva kangolo kakutsika phiri, ulendo womaliza. Bambo azima injini. Akukwera masitepe, akutsokomola.

Ndiyambira pa dzanja la bambo ake a Tomoe. Zinazo... Akutsegula chitseko.